Zoseketsa zoti n'kuonera pamodzi ndi apongozi ndi ana: yankho kwa bambo wa ku Chilenje

Bambo wina wa ku Chilenje walemba motere: "Ndili ndi ana atatu, a zaka 4, 9 ndi 14. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, abwera kuchokera ku Katete kudzalandira chithandizo cha miyendo, ndipo akhala nafe miyezi ingapo. Sabata yatha ndinati ndiwasangalatse, ndinaika filimu yoseketsa ya ku America imene anzanga kuntchito ankaiyamikira. Pasanathe mphindi 20 munatuluka zakuchipinda ndi mawu otukwana, ana ali pompo. Apongozi anadzuka mwakachetechete n'kukagona. Kuyambira tsikulo pa TV timangoonera nyuzi basi. Apongozi Chingelezi samva. Tili ndi dikoda, intaneti ndi ya pafoni, ndipo malaiti amapitapita. Kodi zilipo zoseketsa zoti tonse n'kuonera popanda kuchititsana manyazi?"

Bambo, choyamba mtima ukhale pansi. Zakuchitikiranizi zachitikira anthu ambiri, ndipo apongozi anu podzuka mwakachetechete paja anakusungirani ulemu. Munthu wamkulu akafuna kukuyalutsa amayankhula pomwepo, ana akumva. Iwo anasankha kuchoka kuti inu musasowe koyang'ana. Nkhaniyi ikonzeka, ndipo zoonera zilipo zambiri.

Ine ntchito ya mafilimu ndinaiyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikuonetsa matepi a vidiyo m'kachipinda ka mabenchi ku Matero. Kenako ndinkabwereketsa ma DVD, ndipo masiku ano ndimathandiza mabanja, masukulu ndi mipingo kusankha zoonera. M'zaka zonsezi madandaulo ochuluka amene ndalandira achokera ku mafilimu oseketsa. Filimu ya nkhondo kapena ya karate munthu amaidziwira pachikuto pomwe, n'kuuza ana kuti akagone. Yoseketsa aliyense amaikhulupirira, amaiyatsa n'kuitana banja lonse, ndiye ikalakwika imapeza onse ali pamodzi.

Kwathu kuseka kuli ndi eni ake. Msuweni wanu mutha kumunena za mutu wake ndi za umbeta wake tsiku lonse, palibe mlandu. Agogo ndi mdzukulu amaitanana kuti mwamuna wanga, mkazi wanga, anthu n'kumaseka. Pamaliro pomwe, Abemba ndi ife akum'mawa timapakana ufa m'chimbuya, wina aliyense akudziwa kuti ndi mwambo. Koma mkamwini ndi apongozi ake aakazi pali malire amene ena kumudzi amawasunga mpaka kupatukirana panjira. Wolemba filimu ku Los Angeles malire amenewa sawadziwa. Iye amalembera anthu a msinkhu umodzi amene akhala m'holo yamdima, osadziwana. Anzanu kuntchito sanakunamizeni, filimuyo mwina imaseketsadi, koma iwo anaionera pafoni ali okha kapena ndi anzawo. Choncho musanafunse ngati filimu ili yabwino, werengani kaye anthu amene akhala pabalaza panu usiku umenewo. Kwa inu ndi asanu ndi mmodzi: mwana wa zaka 4 amene amatengera chilichonse, wa zaka 9 amene amafunsa chilichonse, wa zaka 14 amene amamva zonse koma amakhala ngati sanamve, mayi a kunyumba, inu, ndi apongozi amene amaona zithunzi zokha popeza mawuwo sawamva.

Mfundo yomalizayi muigwire bwino. Munthu wosamva Chingelezi amaweruza filimu ndi maso. Nthabwala ya mawu imamudutsa, koma kavalidwe, kupsompsonana ndi kugwiranagwirana amaziona zonse, popanda nkhani yozifewetsa. N'chifukwa chake masewero a ku America ongokhala pampando n'kumalankhula, ngakhale atakhala aulemu, sangawasangalatse apongozi anu. Adzangomva anthu osaoneka akuseka mu TV muja, iwo osadziwa chasekedwa.

Yambani ndi zoseketsa za thupi, zosafuna chinenero. Pa zimenezi sindinapezebe woposa Charlie Chaplin, ngakhale mafilimu ake ena apitirira zaka 100. The Kid ya 1921 ndi nkhani ya mmphawi amene watola khanda lotayidwa n'kulilera m'kachipinda kake, ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi lokha. The Gold Rush ya 1925 muli malo amene njala yafika poti akuphika nsapato n'kuidya mwaulemu ngati nkhuku ya alendo. Ndinaonetsapo malo amenewa kwa azigogo amene anaona njala ndi maso awo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako n'kuyamba kusimba za chaka chimene anadya mango owiritsa. Modern Times ya 1936 imaonetsa munthu amene makina a pafakitale amusokoneza mutu. Mafilimuwa ndi akuda ndi oyera, ndiye wa zaka 14 adzayamba ndi kukwinya nkhope. Mupatseni mphindi khumi. Akale a m'ma 1920 amapezeka athunthu pa YouTube, ndipo poti zithunzi zake ndi zakale, ngakhale mutatsitsa ukhalidwe wa chithunzi kuti musunge bandulo simutaya kanthu.

Mr Bean, amene amasewera Rowan Atkinson, aliyense mu Lusaka amamudziwa. Magawo ake enieni ndi 15 okha, anapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1995, kenako kunabwera makatuni ake kuyambira 2002. Ambiri mwa magawowo ndi abwino kwa banja lonse: la mayeso limene akufuna kubera mnzake, la m'tchalitchi limene tulo tamugwira pakati pa ulaliki, la kwa dokotala wa mano. Koma awiri muwadumphe pamene apongozi alipo. Lina ndi la kudziwe losambira kumene kabudula amuvuka m'madzi, lina ndi la ku hotela kumene wadzitsekera kunja kwa chipinda ali chibadwire. Kwa Azungu ndi nthabwala yaing'ono, koma kwa mkamwini ndi zomwe zija zinakuchitikirani. Mukuona kuti ngakhale Mr Bean amafunika kumuyesa kaye.

Kwa wamng'ono wa zaka 4, Shaun the Sheep ndimamuyamikira kwambiri. Ndi nkhosa za dongo za ku Britain zimene zinayamba kuoneka mu 2007, gawo lililonse ndi la mphindi pafupifupi 7, ndipo mulibe mawu ngakhale amodzi. Muli mlimi, galu woweta, nkhosa ndi nkhumba zovuta, zinthu zimene mayi wa ku Katete amazidziwa kuposa tonsefe. Tom and Jerry, amene anayamba mu 1940, amaseketsa mibadwo yonse, kungoti muli kumenyana ndi mapoto ndi nyundo kosalekeza. Mwana wa zaka 4 salekanitsa bwino za mu TV ndi za m'nyumba, choncho mukaona wayamba kuthamangitsa mkulu wake ndi mthiko, muchepetseko.

Tsopano za kwathu, zimene ndikukhulupirira kuti ndi zomwe zidzawabweze apongozi pabalaza. Munthu amaseka kwambiri m'chinenero chimene amalotera. Fufuzani pa YouTube masewero a Izeki ndi Jakobo a ku Malawi. Awiriwa, John Nyanga ndi Eric Mabedi, onse anatisiya, woyamba mu 2016 ndipo wachiwiri mu 2021, koma zimene anajambula zilipobe. Chichewa chawo ndi chimene apongozi anu amayankhula kumudzi, ndipo nthabwala zawo zagona pa mawu: kumvana molakwika, kudzitama kwa munthu wosadziwa kanthu, ngongole, ulesi, kuchenjera kopusa. Anthu a kum'mawa ambiri anakula akumva wailesi ya MBC ya ku Malawi ikudutsa malire, ndiye kalankhulidwe kameneka si kachilendo kwa iwo. Palinso Tikuferanji, sewero la Manganya, amene dzina lake lenileni ndi Michael Usi. Limeneli limaseketsa pophunzitsa, koma poti nkhani zake zambiri ndi za Edzi ndi za m'banja, magawo ake musankhe mosamala.

Kuno ku Zambia tili ndi Bikiloni ndi Diffikoti, amene anatchuka ndi Chinyanja cha m'tauni. Ana anu adzawamva msanga kuposa agogo awo, ndipo pamenepo pamabuka chinthu chokoma: mdzukulu akumasulira agogo mawu a m'komboni, agogo akumasulira mdzukulu mawu a Izeki. Mwine Mushi ndi wa Chibemba, mfumu ya m'mudzi ndi milandu yake. Ngakhale apongozi asamve mawu onse, bwalo la mfumu amalidziwa, ndipo munthu wa kum'mawa kuseka Mbemba ndi ufulu wake wa chimbuya. Dorika wa Bob Nkosha ndi mwamuna wovala ngati mayi. Akuluakulu ena amafa nazo kuseka, ena sizimawakomera m'pang'ono pomwe. Funsani mayi a kunyumba, amayi awo amawadziwa ndi iwo. Pa dikoda, ngati muli pa DStv kapena GOtv, onani ndondomeko ya Zambezi Magic, imene inayamba mu 2015 ndipo imaonetsa za kuno. Dziwani chabe kuti masewero ake otchuka monga Mpali ndi a mitala, nsanje ndi zibwenzi. Amakoka mtima, koma mkamwini amaonera bwino apongozi atagona.

Ndikuchenjezeni pa tizidutswa ta nthabwala ta pa Facebook ndi TikTok. Achinyamata athu ali ndi luso, ndipo ena ndimawatsatira ndi mtima wonse. Vuto ndi lakuti kumeneko palibe amene amasefa. Kadutswa koyamba kakhoza kukhala ka kondakitala wa minibasi ndi chenji, kachiwiri n'kukhala ka mwamuna wobisala pansi pa bedi la mwini. Foni imasankha yokha chotsatira. Ngati mwapeza kabwino, kasungeni n'kukaonetsa kokha, osalumikiza foni ku TV kuti izingoyenda.

Za ku Nigeria zili pakatikati. Aki ndi Pawpaw, amene ndi Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, anatchuka ndi Aki na Ukwa mu 2002. Ndi akuluakulu amene amasewera ngati ana opulupudza, ndipo nkhope zawo zokha zimaseketsa osamva mawu. Midzi yake, misika yake ndi makolo ake okalipa zimafanana ndi zathu. Koma nthabwala yake yaikulu ndi mwana kupusitsa ndi kuyankha akulu mwamwano. Kale ndikuonetsa mafilimu amenewa, makolo ankabwera kudzandiuza kuti ana ayamba kuyankhula ngati Pawpaw kunyumba. Wa zaka 9 ndi amene amatengera msanga zotere. Muonere naye limodzi, ndipo mukamaliza mufunseni ngati zimene anachita anyamatawo angazichite kwa agogo ake. Osuofia in London ya 2003, ya Nkem Owoh, ndi ya munthu wa kumudzi amene wapita ku London kukatenga chuma cha malemu m'bale wake. Imaseketsa, koma muli nkhani ya kulowa chokolo mkazi amene malemuyo ankafuna kukwatira, ndiye muione kaye nokha.

The Gods Must Be Crazy ya 1980 ambirife tinaionera tili ana: botolo la Coca-Cola lagwa kuchokera m'ndege m'chipululu cha Kalahari, n'kubweretsa mkangano pakati pa anthu amene sankadziwa kulimbirana katundu. Galimoto yopanda mabuleki ya m'filimuyi imaseketsa aliyense. Muli malo a zigawenga zowombera mfuti ndi malo amene mayi wina zovala zamukola pamtengo, choncho rimoti ikhale pafupi. Chinanso, filimuyi imaonetsa Asan, anthu a m'chipululumo, ngati ana osadziwa dziko, ndipo anthu ambiri aidzudzula pa chifukwa chimenecho. Wa zaka 14 wafika poti mungakambirane naye funso lakuti, apa tikuseka ndani? Funso lomweli ndi limene limandichititsa kusawalimbikitsa mafilimu a Leon Schuster monga Mr Bones ya 2001. Kuwonjezera pa nthabwala za kuchimbudzi, m'mafilimu ake ena amadzipaka nkhope kuti aoneke ngati munthu wakuda, ndipo mu 2020 Showmax, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, inawachotsa pa chifukwa chimenechi.

Funso loti tikuseka ndani ndimalitenga mozama, chifukwa nthabwala zambiri, za kuno ndi za kunja, zimaseka munthu wachibwibwi, wolumala, wachialubino, wonenepa, kapena wa kumudzi amene wasokonezeka m'tauni. Ganizirani apongozi anu, abwera kumene kuchokera ku Katete, akuyenda movutika, ndiye pa TV pakusekedwa nkhalamba ya kumudzi yotsimphina imene ikuopa masitepe oyenda okha a ku Manda Hill. Adzukulu akuseka. Mulibe chotukwana ngakhale chimodzi, koma mtima wawo upweteka kuposa tsiku lija. Zotere palibe chizindikiro cha pachikuto chimene chingakuuzeni.

Zizindikirozo muzidziwebe. Mukadina batani la i kapena la info pa rimoti, pamaoneka msinkhu woyenera: PG, 13, 16 kapena 18, nthawi zambiri limodzi ndi zilembo. L ndi mawu otukwana, V ndi nkhanza, S ndi zakuchipinda, N ndi umaliseche. Mafilimu a ku America amalembedwa G, PG, PG-13 kapena R. Pabalaza pamene pali apongozi, S ndi N ndi zoletsedwa, kaya nambala ndi yotani. Ndipo 13 ya Azungu musaiyese 13 yathu: zimene iwo amalola mwana wa zaka 13 kuona, ife zina sitingazione ndi mlongo wathu. Musadalirenso chikumbumtima cha ubwana wanu. Anthu ambiri amandiuza kuti Coming to America ya 1988 ndi ya banja, poti anaiona pa TV itadulidwa. Yathunthu ndi ya R, ndipo mphindi zoyambirira zenizeni muli akazi osavala m'bafa. Makatuninso si onse a ana. Family Guy ndi South Park anapangira akuluakulu, ndipo ndi otukwana kuposa filimu imene inakuvutitsaniyo. Home Alone ya 1990 ndi yabwino, ndipo misampha imene mwana uja amatchera akuba imamveka popanda Chingelezi, kungoti wa zaka 9 mumuuze kuti za moto ndi za misomali zija ndi za mu filimu.

Pali filimu ya kuno imene ambiri amainyamula poganiza kuti ndi nthabwala chifukwa imalembedwa choncho. Ndi I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, ya 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA ya ku Britain mu 2018. Ndi filimu yamphamvu, ndipo muli Chinyanja. Koma kuseka kwake ndi kowawa: kamtsikana kanamiziridwa ufiti n'kuikidwa pamodzi ndi amayi okalamba omangidwa ndi nsalu zazitali, ndipo mathero ake ndi achisoni. Inu ndi mayi a kunyumba muione. Kwa mayi wokalamba wochokera kumudzi, kumene kunamizira nkhalamba ufiti kukuchitikabe, si yowasangalatsira. Kwa ana awiri akuluwo, ngati muli ndi Netflix, pali Supa Team 4, makatuni a 2023 amene anayambitsa Malenga Mulendema. Ndi atsikana anayi a kusekondale amene amapulumutsa mzinda, ndipo mzindawo ndi Lusaka wa m'tsogolo. Muli nthabwala zambiri, ndipo mwana amanyadira kuona kwawo m'katuni.

Lamulo limene ndimapatsa aliyense ndi lakuti chimene simunachione nokha musachiyatse pagulu. Sikuti muonere maola awiri athunthu. Tengani foni ndi mahedifoni, onani mphindi 10 zoyambirira, kenako dumphani pang'onopang'ono mpaka kumapeto mukuyang'ana zipinda zogona, mabafa, mabala ndi maphwando. Mphindi 20 zikwana. Kenako bwerezani malo okayikitsawo mutatseka mawu, kuti muone ndi maso a apongozi. Zimene zapambana muzisunge pamalo amodzi, pa fulashi yawoyawo kapena pa mndandanda wa pa YouTube, ndipo muzimitse kachizindikiro koti vidiyo yotsatira iziyamba yokha.

Za fulashi ndinenepo pang'ono. M'misika ya m'tauni muno muli anyamata odzaza mafilimu pa ndalama zochepa, ndipo ndikudziwa kuti mabanja ambiri amadalira zimenezo. Ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene m'foda yolembedwa kuti ya ana munapezeka zolaula, poti wodzazayo anangokopera zonse za kasitomala wina. Mafulashi otere amabweretsanso mavairasi pa kompyuta. Komanso kukopera popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 1994, ndipo amene amaluza kwambiri ndi osewera athu a kuno, amene msika wawo ndi waung'ono kale. Mukaonera pa tsamba lenileni la wosewerayo pa YouTube, iye amapezako kangachepe. Masamba a pa intaneti olonjeza mafilimu aulere muwapewe ndithu pabalaza: filimu ikhoza kukhala yoyera, koma zotsatsa malonda zotulukira m'mbali ndi zija zomwe mukuthawa.

Intaneti ya pafoni imatha msanga mukapanda kuisamala. Malinga ndi ziwerengero za Netflix eni ake, ola limodzi limadya mpaka 1 GB pa chithunzi wamba, mpaka 3 GB pa HD, ndi pafupifupi 0.3 GB pa chotsikitsitsa. Pa YouTube sankhani 360p kapena 480p. Masewero a Izeki ndi a Chaplin safuna zoposa pamenepo. Njira yabwino ndi kusungiratu mu foni pamene muli pa Wi-Fi kapena pa mabandulo a usiku, pogwiritsa ntchito batani la download la mu pulogalamu momwemo. Kutero kumathandizanso pa malaiti. Kuchokera pa chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba, tonse taphunzira kuti usiku wa filimu sungadalire magetsi. TV ya LED ya mainchesi 32 pamodzi ndi dikoda sizidya moto wambiri, ndipo kainiveta kakang'ono ndi batire yabwino zitha kuziyendetsa maola angapo, bola musalumikizepo mbaula ya magetsi kapena ayironi. Ngati mulibe, laputopu kapena tabuleti yotchajidwa masana ikwana, poti zoseketsa zimene ndatchulazi zambiri ndi zazifupi. Gulaninso kachipangizo koteteza TV malaiti akabwera mwamphamvu, chifukwa ma TV ambiri amene ndaona atapsa anapsa pa kubwera kwa malaiti.

Ikani PIN pa dikoda ndi pa Netflix, ndipo musasiye nambala imene inabwera nayo, ana amaidziwa. Wamng'ono mumutsegulire mbali ya ana pa Netflix kapena YouTube Kids. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana kanema, ndiye iye aonere zoyambirira, magawo awiri a nkhosa zija, kenako akagone.

Nanga apongozi muwabweza bwanji? Inu musayambitse nkhani ya tsiku lija. Mkamwini kukapepesa apongozi pa zamaliseche ndi kuwachititsa manyazi kachiwiri. Mayi a kunyumba ndi amene awauze kukhitchini, mwachidule, kuti bambo filimu ija sanaidziwe ndipo zinawakhudza. Tsiku loyamba asakhale inu woitana. Mdzukulu wa zaka 9 apite akawagwire dzanja kuti agogo bwerani muone Achewa anzanu pa TV, popeza agogo sakana mdzukulu. Rimoti ikhale m'manja mwa mayi a kunyumba. Inu khalani chakumbali, kapena muyambe mwatanganidwa panja n'kulowa kuseka kutayamba kale. Akhazikeni pamene angatambasule miyendo, pafupi ndi TV, ndipo musapitirire mphindi 40. Ndi bwino adzuke akufunabe zina. Malaiti akapita pakati, musathamangire kuyatsa mafoni. Apempheni nthano ya Kalulu ndi Fisi. Akangoti padangokhala, ana n'kuyankha kuti tili tonse, mudzaona kuti wa zaka 14 yemwe wasendera pafupi.

Pomaliza, pali zina zofunika anthu ena osati ine. PIN ikakukanikani kapena dishi ikamadula chithunzi, pitani ku ofesi ya kampani ya dikoda yanu kapena itanani wokonza wovomerezeka, osapereka dikoda kwa aliyense wolonjeza matchanelo aulere. Mukaona wailesi ya kanema ya kuno ikuonetsa zosayenera nthawi imene ana ali maso, dandaulo limapita ku bungwe la IBA, limene limayang'anira nyumba zoulutsira mawu. Mwana akayamba kulota zoopsa, kukodza pogona atasiya kale, kapena kuchita ndi anzake masewera osonyeza kuti waona zolaula, musamumenye. Mufunseni modekha kumene anaziona, ndipo ngati yankho lake likukudetsani nkhawa, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena lankhulani ndi mlangizi wa kusukulu. Wa zaka 14 akamagona pakati pa usiku ndi foni mpaka sukulu kulowa pansi, imeneyonso ndi nkhani yokhalira pansi ndi aphunzitsi ake.

Apongozi nawonso muwayang'anitsitse pamene mukuonera. Akamatsinzinira maso, akamati chithunzi chili ndi nkhungu, kapena akamapempha kukweza mawu pamene ena nonse mukumva bwino, zikhoza kukhala ng'ala kapena makutu, ndipo poti akupita kale kuchipatala, mayi a kunyumba akatchule zimenezi kwa dokotala. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Ngati patapita masabata angapo palibe chowaseketsa, chakudya akungotola, akungokhala kuchipinda ndipo za kumudzi zomwe sakuzisimba, musaganize kuti akadali ndi mkwiyo wa filimu ija. Munthu wokalamba amene akudwala, ali kutali ndi munda wake ndi anzake, amatha kugwidwa ndi matenda a nkhawa, ndipo amenewa ali ndi chithandizo. Mukapita nawo pa tsiku lawo lotsatira la miyendo, dokotala auzidwe zonsezi pamodzi.